Kuchipatala masana, kunyumba madzulo

M'mizinda yambiri ya ku America, Canada, Britain, France ndi Germany muli malo ena amene mlendo sangadziwe msanga ngati ndi sukulu kapena chipatala. Muli makalasi, mabolodi ndi aphunzitsi. Mulinso madokotala a matenda a maganizo, anamwino ndi kabati yokhoma ya mankhwala. Chimene mulibe ndi wodi. Mwana amafika m'mawa chikwama chili kumsana, amakhalako maola 5 kapena 6, ndipo dzuwa likapendeka amabwerera kwawo kukadya ndi kugona ndi abale ake. Ana a m'malo amenewa ndi aja amene sukulu wamba yawalephera, amenenso kuonana ndi dokotala kamodzi pa sabata sikuwakwanira: wina wamng'ono amene amagenda mipando akapsa mtima, wina amene watha miyezi osatuluka m'chipinda chifukwa cha mantha, wina wa kusekondale amene anayesapo kudzipha. Kuti anthu afike povomereza zoti mwana wotere angathandizidwe osachotsedwa m'manja mwa makolo ake panapita zaka zambiri, ndipo mkangano wake sunali wa mankhwala kwenikweni. Unali wokhudza makolo. Kodi ndiwo amudwalitsa mwanayo, kapena ndiwo angathandize kumuchiza?

Zaka za m'ma 1800 zisanathe, mwana wosokonekera maganizo ku Ulaya ndi ku America analibe malo akeake. Wa kubanja lolemera ankabisidwa m'nyumba. Wa kubanja losauka ankathera m'nyumba zosungira amphawi, m'sukulu zolangira ana opulupudza, kapena m'zipatala zikuluzikulu za amisala, momwe ankasakanizidwa ndi akuluakulu. Amene anayamba kufunsa mafunso atsopano sanali madokotala ayi, anali a zamalamulo. Mu 1899 mzinda wa Chicago unatsegula khoti la ana loyamba ku America, ndipo posapita nthawi oweruza anaona kuti nkhope zomwezo zikubwerabe: mwana waba, walangidwa, wamasulidwa, wabanso. Mu 1909, ndi ndalama za mayi wina wachuma dzina lake Ethel Sturges Dummer, dokotala William Healy anatsegula malo oyeza ana amene khotilo linkamutumizira. Healy ankayeza thupi la mwana, kuyeza nzeru zake, kufufuza za kunyumba kwawo, kenako n'kukhala naye pansi kuti anene yekha nkhani yake. Chomalizachi chinali chachilendo. Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti wakuba amachita kubadwa nako kuba, ndiye kumvetsera mwana kunalibe phindu kwa iwo. Healy anapeza kuti gwero silikhala limodzi: pena njala, pena bambo chidakwa, pena mwana samva bwino m'kalasi ndiye amathawa sukulu.

Mu 1917 Healy ndi mnzake pantchito, Augusta Bronner, anasamukira ku Boston kukayendetsa Judge Baker Foundation, ndipo kuyambira mu 1922 bungwe la Commonwealth Fund linathira ndalama zotsegulira makiliniki olangiza ana m'mizinda ingapo. Ganizolo linaoloka nyanja: mu 1927 Emanuel Miller anatsegula kiliniki yotere kum'mawa kwa London. Paliponse kagwiridwe ka ntchito kanali kofanana, ka anthu atatu: dokotala wa maganizo, katswiri woyeza nzeru ndi khalidwe, ndi wa zachisamaliro cha anthu amene ankacheza ndi mayi wa mwanayo. Chiphunzitso chawo chinali chija timati m'mera mpoyamba, ndipo anachita zabwino zambiri. Koma kiliniki inkapatsa mwana ola limodzi pa sabata, ndipo m'kupita kwa nthawi inazolowera kulandira ana a mavuto opepuka, okodzera pamphasa, amanyazi, osamvera. Mwana wodwalitsitsa ankabwezedwa pakhomo.

Wotereyu malo ake anali ogonera komweko. George Bradley, munthu amene analemera ndi bizinesi ya telefoni, anali ndi mwana mmodzi yekha, Emma, amene anadwala matenda otupitsa ubongo ali ndi zaka 7 n'kulumala moyo wake wonse. Makolowo anafunafuna chithandizo osachipeza, choncho anasiya chuma chawo kuti chimangire chipatala, ndipo mu 1931 ku Rhode Island kunatsegulidwa Emma Pendleton Bradley Home, chipatala choyamba ku America cha matenda a maganizo a ana okhaokha. Chinali chithandizo chenicheni, koma njira zinangokhala ziwiri basi: ola limodzi pa sabata, kapena kusamuka kunyumba kwa miyezi ngakhale zaka. Pakati panalibe kanthu.

Chodzaza mpatawo chinachokera kwa odwala akuluakulu, ndipo chinabadwa ndi kusowa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ku Moscow mabedi a m'chipatala cha amisala anachepa, ndiye dokotala wina dzina lake Dzhagarov anayamba kulandira odwala ena masana okha, akugwira ntchito zamanja ndi kulandira mankhwala, usiku n'kukagona kwawo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu 1946, Ewen Cameron anatsegula chipatala choyendera ku Allan Memorial Institute mumzinda wa Montreal, ndipo m'zaka zomwezo Joshua Bierer anayambitsa chake ku London, chimene chinadzatchedwa Marlborough Day Hospital. Bierer ankati chipatala chogonera chimaphunzitsa munthu kukhala wodwala: chimamulanda zovala, ntchito, abwenzi, mpaka amaiwala kudzisankhira ngakhale nthawi yodzuka. Za Cameron tisazibise. Munthu yemweyu pambuyo pake analandira ndalama za CIA, gulu la akazitape a boma la America, n'kumayesera zinthu zoopsa pa odwala ake, kuwagonetsa tulo kwa masabata ndi kuwawomba ndi magetsi mopyola muyezo. Woyambitsa chinthu chabwino sakhala woyera nthawi zonse.

Kwa ana, chimene chinasintha mitima chinali nkhondo yomweyo. M'masiku oyambirira a Seputembala 1939 boma la Britain linasamutsa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, ambiri mwa iwo ana, kuchoka m'mizinda kupita kumidzi pothawa mabomba. Anna Freud ndi Dorothy Burlingham, amene ankasunga ana ku Hampstead kuyambira mu 1941, anaona chinthu chimene ambiri sanachiyembekezere: mwana wamng'ono ankapirira mabomba ali pambali pa mayi ake kusiyana ndi mtendere wa kumudzi ali yekha pakati pa alendo. Mu 1951 John Bowlby analembera bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lipoti losonkhanitsa umboni wa m'maiko ambiri wakuti kulekanitsa mwana wamng'ono ndi womulera kumavulaza maganizo ake.

Koma malipoti amawerengedwa ndi ochepa. Chimene chinagwedeza madokotala chinali filimu. James Robertson anayamba ntchito ku Hampstead kuja ngati wosonkhezera moto wotenthetsera madzi, kenako anaphunzira zachisamaliro cha anthu n'kukagwira ntchito ndi Bowlby. Nthawi imeneyo zipatala zina za ku London zinkalola makolo kuona mwana wogonekedwa kamodzi pa sabata, zina osalola n'komwe, poti anamwino ankati makolo akabwera ana amalira. Robertson anatenga kamera ya m'manja n'kujambula kamtsikana ka zaka 2 dzina lake Laura, kamene kanagonekedwa masiku 8 chifukwa cha opaleshoni yaing'ono. Pofuna kuti wina asadzanene kuti anasankha nthawi zolira zokhazokha, ankajambula nthawi yofanana tsiku lililonse, wotchi ikuoneka pachithunzi. Masiku oyamba kamwanako kakulira, kuitana mayi ake. Kenako kakungokhala duu, kakukumbatira chidole ndi kabulangete kake. Chakumapeto mayi ake akafika sikawathamangiranso. Anamwino ankati mwana wotere wazolowera. Robertson anati ayi, wataya mtima. Filimuyo itaonetsedwa kwa madokotala a ana mu 1952 ambiri anakwiya, ati ikuwanyoza, koma mu 1959 lipoti la komiti ya Platt linalangiza zipatala za ku Britain kuti makolo aziona ana awo momasuka, ndiponso kuti mwana asagonekedwe ngati angathe kuthandizidwa ali kwawo.

Wina angaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Ayi ndithu, poti kunali mtsinje wina woyenda chobwerera. Mu 1943 Leo Kanner wa ku Johns Hopkins anafotokoza za ana 11 a vuto limene lero timalitcha autism, ndipo m'zolemba zake ananenapo kuti makolo awo ankaoneka ozizira mtima. Bruno Bettelheim, amene ankayendetsa Orthogenic School ku Chicago kuyambira mu 1944 mpaka 1973, anatenga mawuwo n'kumangapo chiphunzitso chathunthu. Iye anakhalapo mkaidi m'misasa yozunzirako anthu ya Dachau ndi Buchenwald, ndipo ankati mwana wa autism ali ngati mkaidi wa m'misasa ija, kungoti womuzunza wake ndi mayi womubereka. Mankhwala ake tsono anali kumuchotsa mwanayo pakhomo ndi kuchepetsa kuonana ndi makolo. Amayi ambirimbiri anakalamba akudziimba mlandu umene sanapalamule. Mu 1964 Bernard Rimland, katswiri wa maganizo amenenso anali ndi mwana wa autism, anatulutsa buku losonyeza kuti gwero la vutoli lili mu ubongo, osati m'kaleredwe. Bettelheim atamwalira mu 1990 ena mwa ana ake akale anaulula kuti ankamenyedwa pasukulupo.

Chithandizo choyendera cha ana chinakula pakati pa mitsinje iwiriyi. Ku Boston, Marian Putnam ndi Beata Rank anatsegula mu 1943 malo olandira tiana tosokonekera maganizo masana okha, James Jackson Putnam Children's Center. Koma amene anakankha kwambiri anali makolo eni ake. Ku Brooklyn, mumzinda wa New York, makolo a ana amene sukulu za boma zinawakana anatopa ndi kuuzidwa kuti njira yokhayo ndi kukawasiya kuchipatala cha amisala. Anasonkhana, napeza mphunzitsi Carl Fenichel, ndipo mu 1953 anatsegula League School, sukulu yoyendera ya ana odwala kwambiri maganizo. Fenichel ankati ana amenewa amaphunzitsika, ndipo kuphunzira komweko, kumanga nsapato, kukhala pampando, kuwerenga, ndi mbali ya kuchira. Ku North Carolina, Eric Schopler anapitirira apo. M'malo mosiya mayi pabenchi panja, anamuika kuseri kwa galasi loonera mbali imodzi kuti aone momwe katswiri akugwirira ntchito ndi mwana wake, kenako n'kusinthana: mayi alowe, katswiri aonerere. Ntchito yakeyo, yotchedwa TEACCH, inavomerezedwa ndi boma la chigawocho mu 1972.

Apa mpamene pagona nkhani. Mwana akamagona kuchipatala, dokotala atha kutha chaka osalankhula ndi bambo ake. Koma mwana wobwerera kwawo madzulo alionse amabwera m'mawa ndi zonse za usiku wathawo: ndewu ya patebulo, kusagona, mankhwala amene anaiwalika. Wantchito wa pamalopo, afune asafune, ayenera kukumana ndi womulera pakhomo m'mawa ndi masana. Nyumba imasanduka mbali ya chipatala.

Mmodzi mwa amene anaimvetsa bwino mfundoyi anali wa ku Africa kuno. Thomas Adeoye Lambo anaphunzira udokotala ku Birmingham ndi za maganizo ku Maudsley mu London, ndipo mu 1954 anapatsidwa chipatala cha Aro pafupi ndi Abeokuta ku Nigeria, chimene chinali chisanathe kumangidwa. M'malo modikira mawodi, anapita kwa mafumu a midzi 4 yozungulira kukapempha kuti odwala azigona m'nyumba za anthu a m'midzimo. Wodwala aliyense ankabwera ndi mbale wake, kawirikawiri mayi, mlongo kapena azakhali, womuphikira ndi kumuchapira, monga amachitira magadiyani m'zipatala zathu. M'mawa ankapita kuchipatala kukalandira chithandizo, madzulo n'kubwerera kumudzi. Eni nyumba ankalandira lendi, ndipo Lambo ankagwira ntchito limodzi ndi asing'anga amene odwalawo ankawakhulupirira. Odwala ambiri a ku Aro anali akuluakulu, koma njirayo inayankha funso limene zipatala zoyendera za ku Ulaya zinkalilambalala: nanga wochokera kutali? Lambo anadzakhala wachiwiri kwa mkulu wa WHO kuyambira mu 1973 mpaka 1988.

Ku America zinthu zinkayenda ndi malamulo. Mu 1955 m'zipatala za boma za amisala munali anthu pafupifupi 559,000, ndipo mankhwala atsopano a chlorpromazine, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952, anapereka chiyembekezo chakuti ambiri angatuluke. Pa 31 Okutobala 1963, patangotsala masabata 3 kuti aphedwe, Pulezidenti John F. Kennedy anasaina lamulo lomanga malo othandizira odwala maganizo m'madera momwe amakhala. Nkhaniyi inkamukhudza pakhomo pomwe: mlongo wake Rosemary anachitidwa opaleshoni ya ubongo mu 1941 imene inamulumaza kotheratu. Malo alionse ofuna ndalama za boma ankayenera kupereka mitundu 5 ya chithandizo, ndipo umodzi mwa iyo unali choyendera. Ana, monga mwa nthawi zonse, anakumbukiridwa mochedwa. Chinawathandiza kwambiri ndi lamulo la maphunziro la mu 1975, lonena kuti mwana aliyense wolumala, kuphatikizapo wa mavuto a maganizo, ali ndi ufulu wophunzira mwaulere, ndiponso pamalo osamutsekereza kuposa momwe akufunikira. Maofesi a maphunziro, amene kale ankangochotsa ana ovuta, tsopano anakakamizika kuwalipirira malo, ndipo sukulu zoyendera zokhala ndi madokotala zinachuluka. Komabe mu 1982 Jane Knitzer anafufuza m'zigawo zonse za dzikolo n'kupeza kuti mwa ana 3 miliyoni odwala kwambiri maganizo, awiri mwa atatu alionse sankalandira chithandizo choyenera. Buku lake, Unclaimed Children, linachititsa boma kuyambitsa mu 1984 pulogalamu yolunzanitsa ntchito za zaumoyo, maphunziro, makhoti ndi chisamaliro cha ana.

Ku France njira inali ina. Kuyambira mu 1960 boma linagawa dziko m'madera, dera lililonse ndi gulu lake la madokotala, ndipo ku Paris akatswiri monga Serge Lebovici ndi René Diatkine anakhazikitsa chithandizo cha ana chosagoneka. Zipatala zoyendera za ana zinafalikira kwambiri kumeneko, koma zambiri zinakakamira chiphunzitso chochokera kwa Freud, bambo ake a Anna uja, ndipo makolo a ana a autism anadandaula kwa zaka zambiri kuti ana awo akungosungidwa masana osaphunzitsidwa. Kutumiza mwana kunyumba madzulo pakokha si umboni wakuti makolo akumvedwa.

Nanga m'kati mwa malo oterewa mumachitika zotani? Tsiku limayamba pakhomo polowera, pamene wantchito amafunsa womuperekeza mwana kuti usiku wayenda bwanji. Kenako ana amakhala mozungulira, aliyense n'kunena momwe akumvera ndi chimene akufuna kukwanitsa tsikulo. Chimakhala chinthu chaching'ono chooneka ndi maso: kukhala pampando mphindi 10, kupempha m'malo molanda, kulowa m'kalasi ngakhale mtima ukugunda. Maphunziro amachitika m'timagulu ting'onoting'ono, mphunzitsi ndi womuthandiza ali pafupi. Pakati pake ena amaitanidwa kukaonana ndi wauphungu kapena dokotala woona za mankhwala. Nthawi ya chakudya ndi ya mpira sikhala yopuma kwa antchito, chifukwa mpamene mavuto enieni amaonekera. William Pelham, amene mu 1980 anayambitsa ku Florida pulogalamu ya masabata 8 ya ana a ADHD, vuto la kusakhazikika ndi kulephera kutchera khutu, m'nyengo ya tchuthi, ankachitira dala zimenezi pabwalo lamasewero: mwana akathandiza mnzake, mlangizi amanena mokweza nthawi yomweyo kuti wapata mapointi, akatukwana, amamva pomwepo kuti wataya, popanda kukalipiridwa. Poweruka amatenga khadi losonyeza momwe tsiku layendera, ndipo mphoto yake amakaipereka ndi makolo kunyumba. Kakhadi kameneka n'kamene kamamangiriza masana ndi usiku. Kwa achinyamata okulirapo kumakhala magulu ophunzira kupirira mkwiyo ndi chisoni osadzicheka, ndi pepala lolembedwa pamodzi ndi makolo lonena chochita usiku maganizo odzipha akabwera: mankhwala ndi mipeni zikhomeredwe kuti, aimbire ndani.

Ndalama nazo zinalowererapo, ndipo mosayembekezeka zinathandiza. M'zaka za m'ma 1980 makampani a zipatala zapulaiveti ku America anaona kuti inshuwalansi imalipira bwino mwana akagonekedwa, ndipo chiwerengero cha achinyamata m'mawodi a maganizo chinakwera kwambiri. Ena ankagonekedwa chifukwa chongovutitsa pakhomo, ndipo ankapezeka kuti achira tsiku limene ndalama za inshuwalansi zatha. Nkhaniyi inaphulika ku Texas mu 1991, ndipo mu 1994 kampani ya National Medical Enterprises inavomera kulipira madola 379 miliyoni pa milandu ya chinyengo. Zitatero makampani a inshuwalansi anamanga thumba. Kugonekedwa kumene kunkatenga mwezi kapena kuposa kunafupika kufika sabata imodzi, ndipo chipatala choyendera chinasanduka mlatho: wotuluka m'wodi azidutsirapo asanabwerere kusukulu, wodwala amene akuipiraipira ayesedwe pamenepo asanagonekedwe. Vuto lake n'lakuti kufupikitsa kuja kunafikanso kumeneko. Sukulu ya Fenichel inkasunga mwana zaka, pamene lero mapulogalamu ambiri a m'zipatala amatha m'masabata ochepa, ndipo amene amanena tsiku lotuluka nthawi zina ndi kalaliki wa inshuwalansi amene sanamuonepo mwanayo.

Kodi zimathandizadi? Yankho loona ndi lakuti zimatengera chimene chikuchitika m'katimo. Ku Douglas Hospital mu Montreal, Natalie Grizenko ndi anzake anasonyeza mu 1993 kuti ana a khalidwe losokoneza amene analowa pulogalamu yoyendera anasintha kuposa anzawo amene anali pamzere wodikira, ndipo atawatsatira kwa zaka anaona kuti ana a makolo ogwirizana ndi antchito ndiwo anapita patsogolo. Koma kafukufuku wamkulu wa kumsasa wa asilikali wa Fort Bragg, wotsogozedwa ndi Leonard Bickman m'zaka za m'ma 1990, anaziziritsa anthu nkhongono. Kumeneko ana a asilikali anapatsidwa makwerero onse a chithandizo, choyendera chomwe, mosaumira ndalama. Makolo anakhutira, ana ogonekedwa anachepa, koma pa kuchira kwenikweni sanapose anzawo a m'misasa ina amene ankalandira chithandizo wamba, ndipo ndalama zinapita zambiri. Nyumba yabwino ndi ndandanda yabwino sizichiza mwana ngati chithandizo cha m'katimo chili chofooka.

Umboni wolimba kwambiri unachokera kumene madokotala ankaopa kwambiri. Anorexia, matenda odzimana chakudya mpaka thupi kutheratu, ndi amodzi mwa matenda a maganizo amene amapha kwambiri, ndipo ku Germany mwambo unali kugoneka mtsikana wotere miyezi ingapo. Beate Herpertz-Dahlmann wa ku Aachen ndi anzake anatenga atsikana 172 a zaka 11 mpaka 18 m'zipatala 6. Onse anayamba agonekedwa masabata 3 kuti thupi likhazikike, kenako mwa maere ena anapitiriza kugona m'wodi, ena n'kumayendera kuchokera kwawo. Zotsatira zinatuluka mu 2014 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet: patatha chaka, oyendera aja ananenepa mosasiyana ndi ogonekedwa, ndipo ndalama zinatsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mtsikana amene waphunzira kudya m'wodi, namwino atamuimirira, amayenera kudzaphunziranso kudya patebulo la kwawo. Woyendera amaphunzira zonse ziwiri tsiku lomwelo, ndipo mayi ake amaphunzira naye.

Amene anafika nayo patali mfundoyi ndi a ku Marlborough kuja ku London. Mu 1977 Alan Cooklin anayamba kulandira mabanja athunthu, angapo nthawi imodzi, kuti azikhala limodzi masana, kuphika, kudya, kukangana, antchito akuona. Pambuyo pake aphunzitsi awiri, Neil Dawson ndi Brenda McHugh, anatsegula kalasi imene mwana wotsala pang'ono kuchotsedwa sukulu amalowa limodzi ndi kholo lake. Chimene anapeza n'chakuti mayi amene wakana malangizo a dokotala amamvera mayi mnzake amene anadutsa momwemo miyezi ingapo yapitayo. Mu 2014 awiriwa, mothandizana ndi Anna Freud Centre, anatsegula sukulu yathunthu yoyendetsedwa mwa njira imeneyi. Kuchokera kwa Bettelheim, amene ankatsekera mayi kunja kwa geti, kufika pomupatsa mpando m'kalasi, panadutsa m'badwo umodzi wokha.

Kusowa kwa mabedi kumene kunabala chipatala choyendera ku Moscow sikunathe. Mu Okutobala 2021, mliri wa Covid-19 uli mkati, mabungwe atatu akuluakulu a madokotala ndi zipatala za ana ku America analengeza kuti umoyo wa maganizo wa ana wafika pangozi m'dziko lonse. Ana ankagona masiku m'zipinda za odwala mwadzidzidzi podikira bedi, ndipo zipatala zambiri zinakuza mapulogalamu oyendera, ena n'kuwasamutsira pa intaneti. Malire ake ndi odziwika. Mwana amene akufuna kudzipha usiku womwewo ayenera kugonekedwa. Mwana amene kwawo akumenyedwa kapena kugwiriridwa, kumubweza madzulo n'kumubwezera kumoto. Ndipo pamafunika munthu wamkulu wotha kumuperekeza tsiku ndi tsiku, chinthu chimene mayi wa ganyu sangachikwanitse popanda womuthandiza.

Malire aakulu koposa ndi mtunda. Ku Malawi, kumene chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sangayendere m'mawa ndi kubwerera madzulo, ndipo nyumba yokongola yomangidwa mumzinda potengera za ku Boston ingathandize ana a mumzindamo okha. Amene akukonza chithandizo cha ana m'maiko athu ayambe awerenga zimene Lambo anachita ku Aro mu 1954. Anayamba mawodi asanathe, ndi nyumba za lendi, mafumu ovomera ndi mbale mmodzi pambali pa wodwala aliyense.